Mtengo wa malemba ang'onoang'ono

Kope langa la ngongole linanyowa m'nyengo ya dzinja, denga la okala litadontha usiku wonse. M'mawa ndinapeza mayina a amayi amene amatenga usipa pa ngongole atasungunuka, manambala atasanduka mathothomathotho a inki. Ena anabweza mokhulupirika, ena anaiwala, ndipo ine ndinalibe chowakumbutsira. Ndakhala ndikugula usipa ndi utaka kwa asodzi a ku Mangochi, kuyanika pa thandala ndi kugulitsa, kwa zaka zambiri, koma sindinaluzepo ndalama mopusa chomwecho.

Mphwanga amene amaphunzira ku Zomba ndiye anandionetsa pulogalamu ya pa foni yosungira mabuku a malonda. "Amalume, iyi siinyowa," anatero akuseka. Uthenga wotsatsa unali wa zilembo zikuluzikulu: yesani kwaulere masabata awiri, kenaka madola 10 okha pa mwezi. Panalinso chithunzi chosonyeza pulogalamuyo ikutumiza yokha uthenga wokumbutsa anthu a ngongole. Chimenecho ndicho chinandikoka mtima. Ndinadzifunsa kuti, ngati nzaulere, akufuniranji nambala ya khadi langa la ku banki? Funsolo ndinalimeza, ndipo ndinadina povomereza.

Tsiku la 15, ndili ku gombe kudikira mabwato, foni inalira. Banki inkandidziwitsa kuti achotsa ndalama zofanana ndi madola 120. Ndinawerenga katatu. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wochita malonda amadziwa kulemera kwa dola imodzi. Ndalama zimenezo ndinkasungira fizi ya mwana wanga wamkazi, ndipo teremu inali itayandikira.

Madzulo mwanayo anakhala nane pa mkeka nkundiwerengera Chingerezi cha pa foni. Pansi pa mtengo uja panali kamzere kotuwa, kochepa ngati mapazi a nyerere, konena kuti madola 10 pa mwezi ndi a munthu wolipiriratu chaka chathunthu nthawi imodzi. Wofuna kulipira mwezi ndi mwezi anali ndi mtengo wake wokwera, wobisika pa tsamba lina. Kuonjezera apo, kukumbutsa anthu a ngongole, chinthu chokhacho chimene ndinachifuna, kunali kwa olipira gawo lapamwamba. Ndinagula nyumba nditaonetsedwa ya mnansi.

Tinalembera kampaniyo. Poyamba anatiyankha ndi makina, mwaulemu wopanda mtima, kutithokoza chifukwa chowasankha. Patapita masiku, munthu anayankha kuti ndinavomereza malamulo awo, choncho ndalama sizingabwezedwe. Chimene akanatha nkuletsa kuti asadzandidulenso chaka chamawa. Kukanakhala kuti ndi sitolo ya kuno, ndikanapita kukaonana ndi mwini wake maso ndi maso, kapena kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Koma kampani ya kutsidya kwa nyanja ilibe khomo loti ugogode.

Pambuyo pake ndinamva kuti si ife a ku gombe tokha amene timakodwa. Mu Juni 2024 boma la America linasumira kampani ina, yotchuka, ya Adobe, poinena kuti inkabisa m'malemba ang'onoang'ono chindapusa cha munthu wosiya mgwirizano wa chaka usanathe, chofika theka la ndalama zotsala. Ngati eni Chingerezi akudandaula, nanga ife owerengeredwa ndi ana athu?

Sindikukana kuti mbali ina ndinalakwa ndine. Safunsa anadya phula, ndipo funso ndinali nalo koma ndinalinyalanyaza. Komabe pali kusiyana pakati pa wogulitsa amene wakuuza zonse iwe osamvetsera, ndi amene wakonza mawu ake mwadala kuti umve zina. Kampaniyo sinalembe bodza ngakhale limodzi. Inangosankha choonadi choti chifuule ndi choonadi choti chinong'one. Ku madrasa tili ana anatiphunzitsa kuti malonda amene wogula sakudziwa bwino chomwe akugula kapena mtengo wake ndi osaloledwa, ndipo amatchedwa gharar. Ndinkaganiza kuti nkhaniyo ndi ya nsomba zomwe zikadali m'madzi. Sindinadziwe kuti ingandipeze pa foni.

Chimene chinandisowetsa tulo kwambiri chinabwera m'mawa mwake. Ndinali kudzaza ndowa ya usipa kuti mayi wina wochokera ku Liwonde aitenge, ndipo ndinaona manja anga akuchita zomwe anazolowera: woswekasweka pansi, wonyezimira pamwamba. Palibe amene angati ndinanama, pakuti ndowa inali yodzaza ndipo mtengo tinagwirizana. Koma pansi pa ndowayo ndi pamene panali malemba anga ang'onoang'ono. Ndinaikhuthulira pa thandala ndi kuwauza mayiwo kuti aone okha, kenaka tikambirane. Anandiyang'ana modabwa, nanenerera mtengo, ndipo ndinawatsitsirako.

Fizi ndinalipira mochedwa, nditagulitsa mbuzi. Pulogalamuyo ndikuigwiritsabe ntchito mpaka chaka chithe, popeza ndinailipira kale, koma mayina onse ndimawalembanso m'kope lachikuto cholimba limene ndimasunga m'jumbo. Tsopano ndisanadine pena paliponse ndimafunsa zinthu zitatu: ndalama zonse zimene zichoke ndi zingati, zichoka tsiku liti, ndipo ndikafuna kusiya ndidzataya chiyani. Ngati mayankho ake sakuoneka pa tsamba loyamba, ndimatseka foni nkubwerera ku thandala langa.