Usiku umene galimoto yanga inakana kulira

Abale anga a kuno kwathu ndi inu a m'tauni, lero ndikufuna ndiulule manyazi anga. Mwina wina apulumukirapo.

Ambiri mukaidziwa ka Probox kanga kaja. Chaka chino kanagwira ntchito ngati bulu: kututa soya ndi mtedza kumunda, kupita nazo kumsika wa Nsaru, kubwerako ndi katundu wa anthu. Pofika mu June, nditatsegula boneti ndinachita kugwira pakamwa. Fumbi lofiira litasakanikirana ndi oyilo mpaka kukhala ngati phala, mankhusu a soya atadzaza kutsogolo kwa rediyeta, ndipo pafupi ndi batire khoswe anali atamanga chisa ndi makoko a chimanga.

Ndinauza mphwanga, mwana wa achemwali anga amene ndikukhala naye, kuti: "Iwe, galimotoyi uitsuke yonse, ndi injini yomwe." Basi, ine ulendo wa kudimba. Sindinamuuze katsukidwe kake chifukwa, kunena zoona, nanenso sindinkadziwa.

Mnyamatayo ndi wakhama. Anatunga ndowa zingapo kumjigo n'kukhuthulira pa injini, ikadali yotentha chifukwa ndinali nditangofika kumene. Madzulo ndinapeza ikuwala ngati yatsopano. Ndinamuyamikira, ndinamupatsanso ya fanta. Kuliza sindinayese.

Cha m'ma 1 koloko usiku ndinamva kugogoda pazenera. Anali aneba athu. "Achimwene, dzukani, matenda ayamba kunyumbaku." Mpongozi wawo anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo tinali titapangana kale kuti tsiku likadzafika ndidzamutengera ku St Gabriel's ku Namitete. Ndinavala jekete, ndinalowa m'galimoto, ndinapotokola kiyi. Injini inangotsokomola kawiri n'kuzima. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Anyamata anadzuka, tinakankha mpaka kumtengo wa mango uja, koma ayi ndithu.

Sindidzaiwala nkhope ya mayi a mtsikanayo, ataima ndi beseni ndi zitenje m'manja, akundiyang'ana osalankhula. Mapeto ake tinakadzutsa mnyamata wa kabaza. Mayi wodwala anakwera njinga yamoto, pakati pa woyendetsa ndi apongozi ake, m'chisanu cha June, msewu wa mabampu mpaka kukafika pa tala wa ku Mchinji. Mulungu ndi wabwino, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Koma ine tulo sindinatione. Zikanavuta panjira, ndikanati chiyani?

Kutacha ndinaitana makaniko wa pa Namitete. Atazula makoyilo anandionetsa madzi atadikha m'maenje onse anayi a mapulagi. Chivindikiro cha bokosi la mafuzi chinali chong'aluka kale, madzi analowanso mmenemo. Koyilo imodzi inatheratu. Mphwanga anaima chapatali, mutu uli pansi. "Malume, ndimafuna iwale," anatero. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, amene ndinamutuma ntchito osamuphunzitsa. Paja safunsa anadya phula.

Makanikoyo sanati injini isamatsukidwe ayi. Anati zinyalala zija n'zoopsanso. Mankhusu akatseka rediyeta mphepo sidutsa, injini imatentha. Makoko ouma akagona pafupi ndi paipi ya utsi angathe kuyaka. Khoswe akakhazikika amayamba kudya mawaya. Komanso injini ikakhala yakuda bii, sudziwa pamene oyilo akudontha. Vuto ndi kuithira madzi ngati ukusambitsa ng'ombe. Galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta, masensa ndi timapulagi ta mawaya tambirimbiri. Zinapangidwa kuti zipirire madzi odumphira pamsewu, osati ndowa yathunthu yochokera pamwamba.

Tsono mmene anandiphunzitsira, ndi mmene ndikuchitira tsopano, ndi motere.

Ndimasankha tsiku la dzuwa, m'mawa, injini itagona usiku wonse. Madzi ozizira pa chitsulo chotentha angathe kuching'alula. Ndisanapukute kalikonse ndimayamba ndayang'ana pamene pali oyilo wauwisi, kuti ndidzauze makaniko. Kenako ndimamasula waya wa batire wa mbali ya minus ndi sipanala ya 10, n'kuuika pambali kuti usakhudzenso batire. Wotchi ndi wailesi zimasokonekera, koma imeneyo si nkhani.

Ntchito yaikulu ndimaigwira popanda madzi. Masamba ndi mankhusu ndimatola ndi manja, fumbi ndimakutumula ndi burashi yopentera, m'makona ndimapemerera ndi pampu ya njinga. Pa rediyeta ndimapita mofatsa chifukwa timapepala take ta chitsulo timapindika msanga.

Ndikatero ndimavindikira ndi majumbo malo amene sagwirizana ndi madzi: alternator, bokosi la mafuzi, batire, pamwamba pa makoyilo, ndi pakamwa polowera mpweya wa injini. Ndimamanga ndi malegeni kuti jumbo isasunthe. Polowera mpweya paja musapaiwale, chifukwa madzi akadutsa pamenepo n'kukafika mkati, injini yonse ingathe kufa.

Potsuka ndimagwiritsa sopo wotsukira mbale m'kabeseni, kansanza kofinya bwino, ndi mswachi wakale wa m'malo opanikizika. Petulo ayi, abale, ngakhale ambiri timamukonda pochotsa girizi. Sachedwa kuyaka, ndipo amawononga mphira. Potsukuluza ndimatenga botolo la pulasitiki loboola pachitsekero, n'kumathira pang'onopang'ono pokhapo pamene pali sopo. Madzi a botolo limodzi kapena awiri amakwana.

Pomaliza ndimapukuta ndi nsanza youma, kuchotsa majumbo onse, n'kusiya boneti chotsegula padzuwa mpaka masana. Ndikaona kuti pauma ndimabwezera waya wa batire, ndimaliza injini kwa mphindi 15, kenako ndimazungulira nayo pang'ono. Ngati pali vuto, lionekere dzuwa lili pamutu makaniko ali maso, osati pakati pa usiku.

Inu a m'tauni amene mumatsukitsa galimoto ndi makina opopera madzi mwamphamvu aja, muziimapo akafuna kutsegula boneti. Mphamvu ya madzi imeneyo imalowa ngakhale pamene mvula silowa. Mukaona kuti sakuvindikira kalikonse, auzeni atsuke kunja kokha.

Kuno kumudzi galimoto imodzi si ya mwini wake yekha. Ndi ambulansi, ndi ya maliro, ndi ya ukwati. Ine ndinatengeka ndi kuwala, ndinaiwala kuti anthu akuidalira. Loweruka lapitali tinatsukanso injini ndi mphwanga, iye atagwira burashi, ine majumbo. Titamaliza, aneba aja anabwera ndi khanda kuti tilipititse ku sikelo. Ndinangogwira kiyi kamodzi, galimoto inalira.