NDINASIYA MAPILITSI MU DIROWA N'KUKWERA PHIRI

Uthengawu ndi wautali, koma chonde werengani mpaka pansi.

Ambiri mukukumbuka Lamulungu lija ndinasiya ulaliki pakati n'kukhala pansi. Tinakuuzani kuti ndi kutopa. Sikunali kutopa ayi. Mtima wanga unkagunda ngati ng'oma yoimba mwana: apa kuthamanga, apa kuima, apa kudumpha. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe anandimata timawaya pachifuwa, amati ECG, ndipo adokotala anati ndili ndi atrial fibrillation. Anandifotokozera kuti zipinda zam'mwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa bwino, ndiye magazi amatha kuundana m'menemo. Magazi oundanawo akapita ku ubongo, ndiyo sitiroko ija. Anandipatsa atenolol wochepetsa liwiro la mtima ndi warfarin woletsa magazi kuundana.

Abale anga, matendawo anabwera ndi mnzake: mantha. Usiku kuno ku Mponela, Mayi Busa ali mtulo, ine chala chili pamkono kuwerenga kugunda. Ndikachita mantha mtima umathamanga, ukathamanga mantha amakula. Zimangothamangitsana choncho mpaka tambala woyamba. Ndipo manyazi! Ine amene ndimalalikira Afilipi 4 pa nkhani ya nkhawa, ndiuza ndani?

Mwezi wa June ndinati basi, ndikathane nazo paphiri. Ndinanyamuka ndi anyamata awiri a mpingo kupita ku mapiri a ku Ntchisi kukasala masiku atatu, osadya osamwa. Mapilitsi ndinawasiya mu dirowa, n'kumati ichi ndiye chikhulupiriro. Tsiku lachiwiri madzulo, tili m'chisanu chija, mtima unayamba kuthamanga mosaneneka. Thukuta, mpweya kubanika, maso mdima bii. Anyamata aja anandinyamula mpaka kumsewu, n'kundikweza kabaza wanjinga yamoto.

Kuchipatala dokotala anangofunsa funso limodzi: "Abusa, mankhwala munamwa liti komaliza?" Ine zii. Anandiuza mwaulemu kuti atenolol sasiyidwa mwadzidzidzi chifukwa mtima umabwezera ndi liwiro loopsa, komanso kuti kusowa madzi m'thupi kumausokoneza kwambiri. Mayi Busa atafika sanakalipe. Anangoti, "Bambo, Mulungu amene mumakamufuna kuphiri si yemweyo anapatsa madokotala nzeru? Mukufuna kundisiyira ndani anawa?"

Ndili pabedi pomwepo ndinakumbukira Eliya mu 1 Mafumu 19. Mneneri woitanitsa moto anathawa ndi mantha n'kukagona pansi pa kamtengo. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agonenso. Aleluya! Mulungu amadziwa kuti tili ndi thupi.

Lero ndimachita izi. Mankhwala ndimamwa nthawi yake, ndipo ndimapita kukayezetsa magazi, amati INR, monga amandiuzira, chifukwa warfarin akachuluka munthu umataya magazi, akachepa sakuteteza. Brufen, aspirin, mankhwala a chimfine ndi azitsamba sindimwa osafunsa kuchipatala. Zakumwa zopatsa mphamvu zija tinkamwa pa mapemphero a usiku wonse ndinasiya, tiyi ndinachepetsa. Mapilitsi ogonetsa a pamsika, amene wina anandibweretsera mwachikondi, ndinawakana. Kusala ndimasalabe, koma ndimamwa madzi ndi mankhwala, ndipo ndinayamba ndafunsa adokotala.

Mantha akabwera ndimakhala pansi, ndikukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa mochedwa kuposa pokoka, kwinaku ndikutchula dzina la Yesu. Ndimadzutsa Mayi Busa, sindibisanso. Kuwerenga kugunda ndimawerenga kamodzi kwa mphindi yathunthu, osati usiku wonse. Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Madzulo timayenda pang'ono wapansi, foni ili kunyumba.

Koma mvetsetsani apa: kupweteka pachifuwa, kukomoka, kubanika, pakamwa kupotoka, mkono kufooka kapena lilime kulemera, zimenezo musati ndi nkhawa chabe. Thamangani kuchipatala, tizipemphera tili panjira. Ndipo ngati nkhawa ikukulandani tulo ndi chakudya, auzeninso achipatala, thandizo lake lilipo.

Ndikupepesa kwa aliyense amene anandimvapo ndikunena kuti mantha ndi kuchepa kwa chikhulupiriro basi. Atumiki anzanga a ku Dowa, Madisi, Mvera, Malomo ndi kwina konse, tisauze nkhosa kuti zitaye mankhwala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndipo Paulo ankamukonda.

Mtima wanga umadumphabe nthawi zina. Ndikupemphererabe machiritso, kapu ya madzi ndi pilitsi zili pambali. Ngati nawenso umagona chala chili pamkono, suli wekha m'bale wanga. Lemba Amen, ndikupempherera usiku uno, koma mawa ukayezetse.