Misampha ya Alamu M'njedza za Chilwa

Loweruka lililonse la m'dzinja, tikangotuluka mumzikiti Swala ya m'bandakucha itatha, timapinda mathalauza mpaka m'maondo n'kutsikira kudambo. Gulu lathu ndi lochepa. Muli asodzi awiri amene mphamvu zokokera khoka zinawathera, amayi angapo olima mpunga, anyamata amene sukulu inawakanika, ndiponso ife amene masiku ena onse timakhala pamkeka ndi ana a madrasa. Palibe amene amatilipira. Ntchito yathu ndi yosamala kachigawo ka dambo kumpoto kwa nyanja ya Chilwa, m'boma la Machinga, kamene mudzi wathu unapatula kuti mbalame za m'madzi ziziikiramo mazira popanda wozisokoneza.

Inu abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amene munazolowera nyanja yakuya ya madzi oyera, mwina mukaiona Chilwa mungakane kuti ndi nyanja. Madzi ake ndi otuwa ndi matope, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 3. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathiramo, Mnembo nawo amabwera kuchokera ku Mozambique, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi wotulutsa madziwo. Amangouma ndi dzuwa, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. M'mphepete mwake, makamaka kumpoto kwathu kuno, muli njedza zowirira mtunda wautali, ndipo m'katikati mwake asodzi amamanga timisasa toyandama totchedwa zimbowera. Matemba, makumba ndi milamba imene imafika m'misika ya Zomba ndi Blantyre imaswana m'njedzamo. Zipweyo, atsekwe, anadititi, akakowa ndi achimeza amakhala momwemo, ndipo mitundu ya mbalame imene inawerengedwa panyanjayi imaposa 150, zina zochokera kutali ku Ulaya ndi ku Asia.

Nyanja yosaya chotere siichedwa kuphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana. Akuluakulu amatisimbira za 1968. Ife tinadzionera tokha mu 1995, tili anyamata, pamene anthu ankayenda pansi kupita pachilumba cha Chisi. Mu 2018 zinabwereranso, mabwato n'kutsala pamatope ong'aluka. Nthawi zonse nyanja ikaphwa, nsomba zotsala zimathawira m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mabanja amene ankadalira khoka amatembenukira ku mbalame. Misampha imachuluka, ulimbo umapakidwa paliponse, mazira amatoledwa m'zisa. Munthu wanjala sitingamudzudzule kwambiri, koma madzi atabwerera pambuyo pa 2018 tinaona kuti magulu a zipweyo amene ankadetsa kumwamba madzulo tili ana anali atachepa. Ndi pamene tinapita kwa amfumu kukapempha kuti nafenso tilowe m'gulu losamala dambo.

Ganizo lopatula malo otere silinayambe ndi ife. Mu 1996 dziko lathu linalembetsa Chilwa kukhala dambo loyamba la Malawi pansi pa pangano la Ramsar, limene mayiko anasainirana mu 1971 mumzinda wa Ramsar ku Iran pofuna kuteteza madambo ofunika. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaliikanso pamndandanda wake wa malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi. Komabe Chilwa si paki ya mpanda ngati Liwonde. Mulibe asilikali a nyama oyendayenda ndi mfuti. Anthu amalima, amaweta ndi kusodza momwemo. N'chifukwa chake bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi linathandiza osaka mbalame kupanga magulu awoawo, kuti eni dera okha azigwirizana za malo ndi nyengo yoleka kusaka. Mpanda wa dambo lotere ndi anthu a m'mudzi.

Ntchito yeniyeniyo ndi yotopetsa, ndipo ilibe ulemerero. Timazika nsungwi zomangirira nsanza kuti malire aoneke, madzi akakwera n'kuzigwetsa timazikanso. Timayenda m'madzi ofika m'chiuno kufunafuna misampha ya twaini, misundu ikutimata m'miyendo. Timatola zidutswa za maukonde ndi maneti a udzudzu otayidwa, chifukwa anapiye a mbalame akakodwamo samatulukamo. M'chilimwe timalambula njira zotchinga moto, pakuti moto wa osaka mbewa ukalowa m'njedza zouma umayaka masiku angapo. M'miyezi ya Januwale ndi Julayi, imene mbalame za m'madzi zimawerengedwa m'maiko ambiri a Africa, timakwera bwato ndi magalasi oonera patali obwereka n'kuwerenga zimene taziona. Popeza ife tinazolowera kaundula wa ana, anzathu anatipatsa kope ndi cholembera. Zonse zopezeka m'dambo, zabwino ndi zoipa, zimalembedwa ndi dzanja lathu.

Kopelo ndi limene linatiika pamayeso. Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona, tinapeza mzere wa misampha m'kati mwenimweni mwa malo opatulidwa. Chipweyo chimodzi chinali chitakodwa mwendo, chikuphupha, ndipo tinachimasula. China chinali chitafa kale, mutu uli m'madzi. Msodzi wamkulu wa gulu lathu anatenga twainiyo, n'kuitembenuza m'manja, n'kuyang'ana mfundo zake. Sananene kanthu. Anangotipatsira, maso ali pansi. Inali twaini yobiriwira ya ukonde wakale umene unkalendewera pakhonde la mlamu wathu, mwamuna wa achemwali athu, ndipo ukondewo tinawapatsa ndife.

Anzathu onse anadziwa, ndipo onse anakhala chete kudikira chimene dzanja lathu lilembe. Zikanakhala zosavuta kulemba kuti mwini misampha sakudziwika. Palibe akanatitsutsa, pakuti m'mudzi anthu amalemekeza mwalimu. Koma masamba ochepa kumbuyo m'kope lomwelo munali dzina la mnyamata wina wamasiye amene tinamugwira ndi mazira, ndipo agogo ake anapereka nkhuku yawo yomaliza kubwalo. Tsiku limenelo dzanja lathu silinanjenjemere. Tinatseka kope osalemba kanthu, n'kuuza anzathu kuti atipatse mpaka mawa.

Madzulo tinapita kwa alamu. Tinawapeza pakhonde, ndipo titalonjerana tinaika twainiyo pamkeka.

"Alamu, izi tazipeza kudambo."

Anaiyang'ana kanthawi. "Ndi yanga, Mwalimu. Sindikana."

"Nanga malamulo aja si tinagwirizana tonse pabwalo?"

"Tinagwirizana mimba zili zokhuta. Inu kumapeto kwa mwezi makolo amakuponyerani kangachepe. Ine mpunga wamira, makoka ndi otsekedwa mpaka mwezi uno uthe. Ana a achemwali anuwa adye njedza?"

Mawuwo anatilasa chifukwa anali oona. Mwa mwambo wathu, ana amenewo ndi mbumba yathu. Malume ndife, ndipo njala yawo ndi mlandu wathu tisanafike n'komwe pa mlandu wa mbalame. Tinali titayenda m'dambo Loweruka lililonse kuwerenga zipweyo, koma sitinalowe m'khitchini mwa achemwali athu kukaona ngati moto ukuyaka. Usiku umenewo tulo sitinatione.

M'mawa mwake tinachita zinthu ziwiri. Tinalemba dzina la alamu m'kope, ndipo tinagawa pakati chimanga chimene chinatsala m'nyumba mwathu n'kunyamula thekalo kupita nalo kwa achemwali. Iwo analandira thumbalo osatiyang'ana kumaso. "Achimwene, mwatigula ndi chimanga mutatigulitsa kubwalo?" Sitinayankhe, pakuti tinalibe yankho lowakwanira. Masabata atatu otsatira malo a ana awo pamkeka wa madrasa anali opanda munthu, ndipo ana ena ankationa tikudumpha mayina awo poitana kaundula.

Kubwalo amfumu anaweruza mwanzeru kuposa ife. Anati munthu wopanda nkhuku sangalipe nkhuku, choncho alamu alande misampha yawo ndi manja awo, aiotche, ndipo aziyenda nafe Loweruka lililonse mpaka mbalame zitatha kuswa. Loweruka loyamba anayenda kumbuyo osalankhula ndi munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, tikuzikanso nsungwi imene madzi anagwetsa, anaima n'kuseka pang'ono.

"Mwalimu, mukulondera nyumba yopanda anthu."

Anatitsogolera kunja kwa malire athu, kumene njedza zimathera ndipo udzu wautali umayambira, n'kupatula udzuwo ndi ndodo. Munali chisa cha chipweyo chodzaza ndi mazira. Patsogolo pang'ono panali china, ndipo chachitatu chinali chophwanyika, mapazi a ng'ombe ali pomwepo. Anatifotokozera kuti m'njedza zowirira zipweyo zimangobisalamo ndi kudya, koma zambiri zimakonda kuikira m'udzu wa m'mphepete, kumene abusa amadyetsera ng'ombe. Zaka zonsezo tinali kulondera pakati, pamene mazira ambiri ankapondedwa kunja kwa nsanza zathu. Amene ankadziwa zimenezi ndi munthu amene anakulira kusaka, ndipo ife sitinamufunsepo chifukwa tinkamuona ngati woti tizimulondera.

Nkhaniyo tinapita nayo kwa amfumu. Eni ng'ombe sanakondwere, ndipo anali ndi mfundo zawo, pakuti m'dzinja minda imadzaza paliponse ndipo msipu umasowa. Titakambirana maulendo angapo, malire anasunthidwa pang'ono chabe, osati mmene tinkafunira, ndipo abusa analonjeza kulambalala chigawocho mpaka anapiye atayamba kusambira. Ena amasunga lonjezolo, ena ayi. Tinagwirizananso chinthu china chimene tikanayenera kuyamba nacho: pokolola, aliyense wa m'gulu lathu amathira beseni la mpunga m'thumba limodzi, ndipo thumbalo limatsegulidwa mu Febuluwale kwa mabanja a osaka amene asunga lamulo. Silikwanira onse, koma latiphunzitsa kuti lamulo loletsa munthu kudya liyenera kubwera ndi mbale m'manja.

Alamu atamaliza chilango chawo sanapitirize kuyenda nafe. Nyengo yosaka ikatsegulidwa amatchera misampha yawo kunja kwa malire monga kale, ndipo ndi ufulu wawo, pakuti cholinga cha malo opatulidwa si kuletsa anthu ndiwo koma kuti ndiwozo zipezekenso chaka chamawa. Nthawi zina amatuma mwana kudzatiuza kuti atsekwe asamukira chakuti, kapena kuti aona utsi chakumadzulo. Anawo anabwerera ku madrasa. Achemwali amatilonjera, koma nthabwala zimene tinkachita kale sizinabwerere zonse. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo tikudikira.

Tikulemba izi podziwa kuti ambiri a inu muli ndi madambo anu. A ku Nkhotakota muli ndi Chia, a ku Mangochi muli ndi Malombe ndi mabango a m'mbali mwa Shire, ndipo kumunsi kwa Shire dambo la Elephant Marsh linalowa nalo m'pangano la Ramsar mu 2017. A ku Salima simukusowa wokuphunzitsani, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira akhala akutseka chilumba cha Mbenji m'dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amachoka okha. Kulikonse kumeneko ntchito imagwiridwa ndi anthu wamba osalandira kanthu, ndipo kulikonse manja ndi ochepa.

Amene mwa inu akufuna kudzipereka asaope matope ndi misundu, pakuti zimenezo zimatha ndi sopo. Adziwe chabe kuti amene adzamupeze ndi msampha sadzakhala mlendo. Adzakhala munthu amene amaima naye phewa ndi phewa mumzikiti, kapena amene anakwatira mlongo wake. Asanatenge kope, ayambe wazungulira m'makomo a anthu amenewo, aone ngati akudya, ndipo awafunse kumene mbalame zimaikira. Ife tinayamba ndi nsungwi ndi nsanza, n'kumalizira kwa anthu, ndipo kuchedwa kumeneko kunatidyera zisa zambiri ndi mtendere wa pabanja.

Loweruka lapitali mdzukulu wa msodzi wamkulu uja ndi mwana woyamba wa achemwali athu anatitsata kudambo osaitanidwa. Mwana wa achemwaliyo ndiye anayamba kuona anapiye a chipweyo akusambira pambuyo pa make m'mphepete mwa udzu uja. Tinamupatsa kope kuti alembe yekha. Anawerenga kawiri, n'kulemba 9, kenako anatifunsa ngati angakauze bambo ake. Tinamuuza kuti athamange.