Wokhapa adya nsima ya boma, wokhapidwa agona ndi njala

Abale anga a pa msika, pali chinthu china m'dziko muno chimene ndikachiganiza mutu umandiwawa. Munthu akakhapa mnzake ndi chikwanje, apolisi nkumugwira, boma limamupezera pogona. Ndende zathu nzothithikana, ndipo nsima yake nja kamodzi patsiku, komabe denga lilipo ndipo mphika umatereka. Nanga uja wakhapidwayo? Akangotuluka m'chipatala aona yekha. Mpamba wapita, dzanja silikugwira ntchito, kunyumba akuopa kubwerera poti anzake a chigawengacho akadali m'mudzi momwemo, koma palibe thumba la boma limene angapite kukatapako ngakhale ya basi yokha.

Ine ndine mwana wa pa msika. Fizi yanga ya ku sekondale idachokera m'dengu la tomato la mai anga pa Balaka, ndipo ngakhale lero ndimalemba nkhani, cholembera changa chidagulidwa ndi ndalama ya pa benchi. Tsono izi ndikunenazi si zongomva pa wailesi ai, zidalowa pakhomo pathu.

Mudziwa inu kuti kuyambira kumapeto kwa chaka cha 2014 kudabuka mchitidwe wonyansa wosaka abale athu achialubino ngati nyama. Bungwe la Amnesty International lidalengeza mu June 2016 kuti anthu osachepera 18 adali ataphedwa kale, ndipo boma la Machinga lidali limodzi mwa maboma amene zidanyanya. Mu March 2018 mnyamata wa zaka 22, MacDonald Masambuka, adasowa ku Machinga komweko, thupi lake nkudzapezeka pa 1 April litakwiriridwa, ziwalo zina palibe.

Nthawi imeneyo mai anga aang'ono amakhala m'mudzi wina cha ku Ntaja ndi mwana wao wamkazi wachialubino, amene adali mu Sitandade 2. Bambo wa mwanayo adathawa kalekale atangoona khungu la khanda. Mai aang'onowo amagulitsa zitumbuwa ndi mtedza, ndipo amadzidalira. Usiku wina, chimanga chitauma m'munda, anthu atatu adathyola chitseko chao. Iwo adamukumbatira mwanayo nkuyamba kukuwa, chikwanje chidawapeza pa mkono, koma sadamusiye. Anansi atadzuka, achiwembuwo adathawira m'chimanga.

Anthu akamva nkhani yotere amati "Mulungu ngwamkulu, apulumuka," basi nkhani yathera pomwepo. Koma kwa wopulumukayo mavuto amayamba m'mawa mwake. Wa kabaza wowatengera ku chipatala adafuna yake. Ulendo wa ku polisi kukatenga kalata udafuna ndalama. Wowadikirira m'chipatala amafunika kudya. Atatuluka, mwana amati akangoona khomo la nyumba ija nkuyamba kunjenjemera, ndipo mai aang'ono adanenetsa kuti m'menemo sagonamonso ngakhale usiku umodzi. Mmodzi mwa anthu atatu aja adamuzindikira mau, ndipo sadali mlendo.

Adafika kwathu ku Balaka ndi kachikwama kamodzi, mkono uli m'bandeji, mwana atamufunditsa chitenje kumutu ngati katundu wozembetsa. Mai anga adangoti, "Achemwali, lowani, mphasa ilipo, zinazo tiona kukacha." M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri tidakhalamo anthu asanu ndi atatu.

Wina anena kuti kusamuka nkosavuta, ungokwera minibasi basi. Amene akutero sadziwa za kwathu. Kuno ku Machinga ndi Balaka ambiri timatsata chikamwini: munda ngwa mkazi, adaulandira kwa amai ake, ndipo manda a makolo ake ali pomwepo. Mkazi akachoka pamudzi wasiya zonse zimene ali nazo pa dziko lapansi. Chimanga cha mai aang'ono chidakololedwa ndi ena, iwo adangolandirako matumba awiri. Makasitomala a zitumbuwa adatsala komweko. Mwana adakhala teremu yonse osapita ku sukulu podikira kalata ya transifa. Ndidawaperekeza ine ku maofesi angapo, yunifolomu yanga ili m'thupi. Kulikonse amatilandira bwino, kutipepesa, kulemba maina m'buku, kenaka nkutiuza kuti thumba la zoterezi palibe, tikayese khomo lina. Tidabwerera wapansi poti ya kabaza idali itatha.

Adawadzutsa ndani? Amai a pa msika. Gulu la chipereganyu la mai anga lidagwirizana kuti mwezi umenewo ndalama ipite kwa mlendoyo ngakhale sadali membala. Mai wina wogulitsa nyemba adawapatsa ndowa imodzi pa ngongole, adzabweze akagulitsa. Bambo wina wa kaunjika adapereka chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali a mwana. Tcheyamani wa msika adawapezera kampata pafupi ndi benchi ya mai anga. Palibe adafunsa chiphaso kapena kalata ya mfumu. Lero mai aang'ono ali ndi benchi yaoyao ndipo mwana uja ali ku sekondale.

Sindikunena kuti boma lidangokhala chete ai, tisanamizane. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za opha kapena kuzunza anthu achialubino ndi opezeka ndi ziwalo za anthu. Padabwera ndondomeko ya dziko yoteteza anthuwa ya zaka za 2018 mpaka 2022. Mu 2019 adagawa timaalamu toliza munthu akaona zoopsa, ndipo boma lidayambanso kumangira mabanja ena nyumba zolimba. Bungwe la APAM lidalimbana kolimba, mpaka mtsogoleri wake wakale Overstone Kondowe adasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota mu 2021, woyamba wachialubino m'mbiri ya dziko lino. Zonsezi nzabwino. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndiye nyumbazo zingakwanire angati? Komanso nyumba imamangidwa miyezi, pamene wothyoleredwa chitseko afuna pogona lero lomwe dzuwa lisanalowe.

Mlandu wa Masambuka uja utiphunzitse zinthu ziwiri. Choyamba, chigamulo chidatuluka mu April 2022, patatha zaka zinai. Jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga adapeza anthu 12 olakwa, ndipo mu June chaka chomwecho asanu adawagamula kukakhala ku ndende moyo wao wonse. Zaka zinai! Nthawi yonseyo mboni ndi ofedwa amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi abale a oimbidwa mlandu. Chachiwiri, pakati pa opezeka olakwawo padali wansembe, wapolisi, wa zachipatala, komanso mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Tsono amene amakonda kuyankha kuti "pitani mukakhale kwa abale anu" aganize kawiri. Nthawi zina njoka ili m'nyumba momwemo, ndipo munthu afunika kupita kutali kumene sakumudziwa. Kutaliko nkofuna ndalama.

Musaganize kuti nkhaniyi nja achialubino okha. Taganizani za mai amene mwamuna wake wamuthyola nthiti, nkumulanda ndi mpamba womwe. Taganizani za mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amukhapa usiku nkumulanda njinga ya bwana wake, ngongole nkutsala pa iye. Nanga agogo amene awaotchera nyumba powanamizira ufiti, monga zidachitikira ku Neno mu January 2016 pamene okalamba anai adaphedwa tsiku limodzi? Nanga inu amene mumadzuka 3 koloko m'bandakucha, ndalama zili m'chitenje, kukapikula nsomba ku Mangochi kapena ku nyanja ya Chilwa, mbatata ku Tsangano, tomato ku Ntcheu? Achifwamba amadziwa bwino lomwe tsiku limene mwanyamula mpamba wonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chimandipweteka nchoti boma likafuna limatha. Mu April 2015, anthu a ku South Africa atayamba kumenya ndi kupha alendo ku Durban, boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri mwa obwerawo adali ana a chigawo chathu chino cha kum'mawa. Namondwe Freddy atasakaza mu March 2023, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA idatsekula misasa nkugawa ufa ndi zofunda. Ndiye kuti madzi akakugwetsera nyumba ndiwe wovutika wodziwika ku boma, koma akakugwetsera munthu mnzako ndi nkhwangwa ndiwe mboni chabe ya pa mlandu. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndipo maina amalembedwa pa nthawi yake. Sadapangidwire mai wa geni amene dzulo amadzidalira, lero wagona m'chipatala.

Maiko ena adaliona kale vutoli. Ku Britain boma lakhala likupereka chipukuta misozi kwa ovulazidwa ndi zigawenga kuyambira 1964. Mwina muti amenewo ngolemera. Chabwino, nanga Kenya? Mu 2014 adakhazikitsa lamulo loteteza ochitiridwa nkhanza, ndipo m'lamulomo muli thumba lapadera lowathandizira. Ife tidalakwa chiyani kuti aphungu athu asakambeko zotere?

Pakadali pano tigwiritse ntchito zimene zilipo, poti ambiri sitizidziwa. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yolandira ochitiridwa nkhanza, ndipo thandizo lake ndi laulere. Tengani kalata ya polisi popita ku chipatala, ndipo zimene adokotala alemba muzisunge ngati ndalama, poti ndiwo umboni wanu ku khoti. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kukuyandikirani, ngakhale kumutulutsa m'nyumba iyeyo kuti inu ndi ana mutsale. Amai ambiri amathawa ndi ana usiku osadziwa kuti woyenera kunyamula chikwama ndi bamboyo. Khoti lingathenso kulamula wolakwa kuti akulipeni, choncho musachite manyazi kuuza woimira boma pa mlandu zonse zimene mwataya, ngakhale tikudziwa kuti mbava zambiri zilibe ndi nkhuku yomwe. Osowa loya apite ku Legal Aid Bureau. Pa foni, nambala ya 116 nja nkhani za ana ndipo 5600 nja nkhanza za pakati pa amai ndi abambo, zonse zaulere. Ku ofesi ya DC kulinso a zachisamaliro cha anthu, makamaka nkhani ikakhudza mwana.

Koma zonsezi ndi makalata ndi malangizo, ndipo kalata siphikidwa. Nchifukwa chake ndikubwera kwa inu eni msika. Mnzathu akamwalira timayendetsa mbale benchi ndi benchi, bokosi ligulidwa, galimoto ipezeka, ufa ndi nkhuni zifika pa siwa tsiku lomwelo. Pa maliro sitilephera. Bwanji nanga wamoyo amene wapulumuka lokumbakumba timangomupatsa pepani? Msika uliwonse, kaya pa Liwonde, Ntaja, Nselema, Ulongwe, Phalula kapena Balaka, ungathe kukhala ndi kathumba ka ngozi zotere. Aliyense aziponya kangachepe pa sabata, ndalama izisungidwa ndi anthu atatu, mmodzi mwa iwo akhale mai, ndipo buku liziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi kuti pasakhale zonong'onezana. Ntchito yake ikhale yodziwika: thiransipoti ya ku chipatala ndi ku polisi, lendi ya mwezi woyamba kwa amene sangabwerere kwao, ndi kampamba koyambiranso. Mabanki a m'khonde timawayendetsa tokha popanda bwana wa ku Lilongwe, ichi chingatikanike?

Pali zinanso zosalira ndalama. Mnzanu akagonekedwa, musungireni malo ake, asapeze mwaikapo mlamu wanu. Mlendo wothawa nkhanza akafika pa msika panu, pakamwa patsekedwe. Wina akabwera kudzafunsa kuti "kodi mai wa mwana woyera uja amakhala kuti?" yankho nlakuti sitikumudziwa, kenaka dziwitsani a komiti ndi apolisi. Ndipo nthabwala zija zoitana munthu wachialubino kuti "ndalama" zithe, poti mau otero ndi amene amanola chikwanje.

A khonsolo nawo tisawasiye. Tsiku ndi tsiku amadula tikiti pa benchi iliyonse, mvula kaya dzuwa. Tiwafunse makhansala kuti pa ndalama imeneyo sangapatuleko kagawo kothandizira wamalonda wovulazidwa, ngakhale kachipinda kamodzi kokhoma bwino pa boma koti munthu agonemo masiku atatu akuganiza kolowera? Aphungu akabwera ndi nsalu ndi ma T-shirt, tiwafunse kuti lamulo la thumba la ovulazidwa adzalipititsa liti ku Nyumba ya Malamulo. Akayamba za mawamawa, ifenso voti yathu ikhale ya mawamawa.

Inu a komiti ya msika, pa msonkhano ukubwerawu nkhaniyi ikhale pa mndandanda, pambali pa ya zimbudzi ndi ya alonda. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Mbale ija timayendetsa pa maliro, tiyeni tiyiyendetsenso mwini wake akadali moyo.