Nyumba ya Malume a ku Joni

M'Chichewa chathu mulibe liwu limodzi lotchulira malo amene ena amangoti myuziyamu. Pa wailesi amati nyumba yosungiramo zinthu zakale, dzina lalitali ngati njira ya kumunda. Ine sindidabwa nazo. Makolo athu ankasunga mbiri m'mitu ya anthu: pabwalo la milandu, kutsimba, kudambwe, m'mayina a ziwongo ndi m'nthano za madzulo. Koma chinthu chogwirika ankachigwiritsa ntchito mpaka chithe. Mtondo ukabooka unkasanduka mpando, mpando ukasweka unkapita pamoto. Nayo nyumba inali ndi moyo wake wowerengeka, ndipo kumadera ambiri a Achewa munthu akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa maliro akatha. Choncho amene akufuna kusunga nyumba yakale m'mudzi akulimbana ndi chiswe, mvula ndi umphawi, komanso akulimbana ndi mwambo wa kwawo komwe.

N'chifukwa chake nyumba zakale zimene zatsala m'maiko athu n'za amalonda, amishoni ndi atsogoleri. Nyumba ya Mandala ku Blantyre yaima chiimire kuyambira 1882. Ku Livingstonia kuli nyumba yamiyala imene munkakhala Robert Laws. Ku Lusaka, m'dera la Chilenje, akusunga kanyumba nambala 394 kamene Kenneth Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, ndipo panja pake pali Land Rover ya m'masiku omenyera ufulu. Zonsezi n'zoyenera kusungidwa. Koma imene imandigwira mtima kuposa zonse ndi kanyumba ka ku Namaka, m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kamene kamatchedwa Mtengatenga. Anthu ambiri amangokadutsa pa minibasi osakaona n'komwe. Pamenepo ndi pamene ankapumulira amuna onyamula makalata, amene ankayenda wapansi ndi matumba pamutu pakati pa mzinda wa malonda ndi likulu la boma la nthawi imeneyo. Mayina awo sali pa chipilala chilichonse. Kanyumbako kokha ndiko kakuchitira umboni kuti boma la Nyasaland linkayenda pa zidendene za anthu wamba.

Kwathu ndi kumalire a Dedza ndi Angónia, kumene munthu amalima ku Mozambique n'kukagona ku Malawi. M'mudzi mwathu muli nyumba imodzi imene aliyense amaitchula kuti ya a ku Joni. Anaimanga ndi malume anga, achimwene awo a mayi, atabwera ku migodi ulendo wachiwiri. Ndi ya mdindo, ya ngodya zinayi, zipinda zitatu ndi khonde lotakata, ndipo inali yoyamba kufoleredwa ndi malata m'dera lonselo. Amati tsiku lokhoma malata anthu anachoka midzi yoyandikana kudzangoonerera. Malumewo anali mwini mbumba, motero sanapite ku chikamwini. Akazi awo anabwera nawo chitengwa. Ulendo wachitatu sunatheke. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumeneko. Malume anakhala pansi, nayamba kusoka zovala pakhonde.

Atamwalira, akazi awo anasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Nyumbayo sinagwetsedwe, pakuti malata ndi chuma, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba kuwazula. Sinalowedwenso ndi munthu. Inangokhala yotsekedwa, mosungiramo matumba a feteleza ndi makasu, katundu wa mwini wake ataunjikidwa m'chipinda chakumapeto.

Chaka chatha mlongo wanga, mwana wa mayi aang'ono, anaitanitsa mbumba yonse. Amuna ake anali ataotcha uvuni ya njerwa, ndipo malo abwino omangapo, okwera ndi apafupi ndi mjigo, ndi pomwe paima nyumba ya malume. Analankhula modekha. "Achimwene," anatero, "inu mumagona m'tauni. Ana anga asanu akugona m'nyumba yodontha, pamene nyumba ya munthu wakufa ili ndi malata. Kodi mbiri imafunda?" Ndinalibe yankho lachangu, ndipo aliyense amene amalankhula zosunga zakale asanamve funso lotere sanayambe kulankhula. Malowo ndi ake mwa mwambo. Dothi la mbumba limayenda ndi ana aakazi, ine wamwamuna ndine mlonda chabe.

Tisanagamule, tinagwirizana zotsegula chipinda chakumapeto chija. Munali bokosi lachitsulo lopentedwa maluwa, la mtundu umene amigodi onse ankabwera nawo. M'katimo munali chitupa cha ntchito chokhala ndi chidindo cha chala, chisoti cha pansi pa mgodi, bulangeti lolemera limene njenjete zinali zitalilawa m'mbali, ndi mpango womanga ndalama zakale: masheleni, matiki, ndi makobiri oboola pakati a nthawi ya Chitaganya. Ana a mlongo wanga, amene anabadwa kwacha itakhala kale zaka makumi ambiri, ankapatsirana makobiriwo ngati mikanda. Pakona panali makina osokera a Singer ndi mafupa a njinga ya Humber. Koma chimene chinatikhazika pansi tonse ndi mpukutu wa makalata. Ena analembedwa ndi malume eni, ena ndi anzawo ophunzirako pang'ono, m'Chinyanja cha masiku amenewo chosakanikira ndi Chifanakalo cha kumgodi. Kalata ina inkalangiza agogo kuti ndalama zimene atumiza agulire ng'ombe yaikazi, asabwereke munthu. Ina inkafunsa ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe wayamba kubereka. Mtengowo ulipobe, ndipo tinkawerenga kalatayo titakhala pamthunzi pake.

Apa mayi aang'ono, amene masiku ano salankhula kawirikawiri, anayamba kutchula mayina a amuna a m'mudzimo amene anapita ku Joni, ku Harare ndi ku Wankie. Anatchula amene anabwerera ndi chifuwa, amene anabwerera ndi galamafoni, ndi amene sanabwerere konse, matchona amene adzukulu awo mwina ndinu ena mukuwerenga kuno muli ku Mbare kapena ku Bulawayo. Anafika mayina oposa makumi awiri osapumira. Palibe buku lililonse limene muli mndandanda umenewo. Uli m'mutu mwa mayi mmodzi wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

Tinamvana chonchi: ine ndinapereka malo amene anali a malemu mayi anga, otsikirako pang'ono, kuti mlongo wanga amangepo, ndipo ife okhala kutali tinasonkha ndalama za malata atsopano. Nyumba ya malume inapatsidwa nyengo ziwiri za mvula kuti ionetse phindu lake. Ikalephera, idzagwa, ndipo sindidzatsutsa. Amfumu anavomera, koma anaika lamulo limodzi: m'nyumbamo musalowe chilichonse cha kudambwe.

Lamuloli ndimagwirizana nalo. Ndinafikako ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, ndipo Bambo Claude Boucher, amene anthu amawatcha Achisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Myuziyamu ya Chamare kumeneko ili ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, pamodzi ndi za Angoni ndi Ayao, ndipo ndi ntchito yaikulu yosayerekezeka. Chimodzimodzi ya Moto Moto ku Mbala, imene inachokera pa zinthu zimene Bambo Corbeil anasonkhanitsa kwa zaka zambiri. Koma kumeneko kuli mpanda, kuli ophunzira, kuli anthu odziwa chonena ndi chosanena kwa mlendo. M'mudzi mwathu dambwe likadali lamoyo, lili mtunda woyenda mphindi khumi kuchokera pa nyumbayo. Chinthu chamoyo sachipachika pakhoma.

Vuto lalikulu linabwera ndi maganizo a amayi. Iwo anati nyumba ya malata ndi mbiri ya amuna. Ya akazi inali kuseri, m'kuka ya agogo, yozungulira, yofolera ndi udzu, imene inagwa kalekale. Anati ngati tikusunga, timangenso imeneyo. Ndinkadziwa kuti pabwalo la myuziyamu ya ku Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, pali nyumba ya ndiwula yomangidwa kuti anthu a m'tauni aone mamangidwe a Achewa, choncho ndinati n'zotheka. Titayamba kufunafuna mmisiri, m'midzi inayi tinapeza madala awiri okha odziwa kumanga denga lozungulira, ndipo mmodzi maso ake ayamba kuchita khungu.

Ndinakhala nawo masabata awiri, kope lili m'manja, ndipo kwa ife okonda mawu apa ndi pamene pali chuma chenicheni. Nsichi ndi mitengo yoimika ya khoma. Mbalo ndi timitengo topyapyala topingasa, tomangidwa ndi luzi kunja ndi m'kati. Phaso ndi mitengo ya denga yokumana pamwamba. Khoma amaliphoma ndi dothi loponda, pansi amazira ndi dothi lakuda la kudambo, akusalaza ndi mwala. Chitseko cha bango chimatsekedwa ndi mpiringidzo. Pakati pali mafuwa atatu, pamwamba pake nsanja yoikapo mbewu ndi mchere. Achinyamata amene ankathandiza kupala luzi ankadziwa mawu atatu kapena anayi mwa amenewa. Ena onse ankawamva koyamba. Liwu ngati mbalo silikhala m'kamwa mwa munthu amene sanagwirepo mbalo. Likachoka m'manja, m'chinenero limatsala zaka zochepa.

Madalawo anandiphunzitsanso chinthu chimene chinasintha dongosolo lathu lonse. Nyumba ya udzu imasungidwa ndi utsi. Mwaye umene umadetsa tsindwi ndiwo umathamangitsa chiswe ndi tizilombo tofumbula mitengo, ndipo mbewu ya pansanja sifumbwa chifukwa cha utsi womwewo. Kuka yopanda moto, yongotsekedwa kudikira alendo, imatha pa mvula ziwiri kapena zitatu. Pansi pamafunanso kuzira kawirikawiri, apo ayi pamabuka fumbi ndi utitiri. Ndiye kuti nyumba yotere sungaisunge ndi loko. Pafunika munthu wosonkhamo moto. Amayi a banki m'khonde, amene ankakumana pansi pa mtengo Lachinayi lililonse, anati iwo azikumana m'menemo, aziphikamo thobwa, ndipo azizira mosinthana. Akatswiri a zosunga zakale mwina angadandaule kuti zinthu zoonetsa sizigwiridwa. Kwathu mtondo wa m'kukamo ukusinjidwira, ndipo ukabooka tidzasema wina.

Si onse akukondwa. Pali ena a mpingo amene amati kusunga zovala za akufa n'kuitana mizimu. Pali ena amene akukhulupirira kuti ndalandira ndalama kwa azungu, ndipo akudikira kuona galimoto. Pali funso la kiyi, limene ndi funso la ulamuliro: pakali pano ali ndi mlongo wanga yemwe uja, pakuti amene anataya malo ndiye woyenera kutsegula chitseko. Ndalama yolowera sitilipiritsa. Alendo odzaona malo safika kwathu, msewu wake ndi wa njinga, ndipo sindifuna kunamiza anthu kuti kudzabwera madola. Amene abwera mpaka pano ndi ana a sukulu ya pulayimale ndi aphunzitsi awo, ndiponso anthu a tsidya la malire. Ambiri a iwo anakhala pakati pathu monga othawa nkhondo mpaka mtendere wa 1992, ndipo atabwerera anapeza midzi yawo ili mabwinja. Mayi wina wa kumeneko anabweretsa mphika umene anathawa nawo pamutu usiku, nati ukhale kwa ife, chifukwa ana ake akufuna kuutaya. Tinaulandira, ndipo tinalemba mawu ake momwe anawalankhulira, ndi Chichewa chake cha ku Angónia chothira Chipwitikizi apo ndi apo.

Zolemba zonse za pa zinthu zili m'Chichewa. Mphunzitsi wina anapempha kuti tiikenso Chingerezi kuti pazioneka paulemu, koma amayi anakana, ati wofuna kumva afunse. Pa mawu ena takangana mpaka dzuwa kulowa. Nyumba yogona anyamata ena akuti mphala, ena akuti gowelo, ndipo gogo wina akuumirira kuti ziwirizi n'zosiyana. Inu a ku Katete, Chadiza ndi Chipata, inu a ku Tete ndi Kasungu, ndithandizeni: kwanu mumati chiyani, ndipo mbalo mumazitchula dzina lomweli? Inunso a ku Zimbabwe ndi ku Joni amene agogo anu ankati kwawo ndi kumalire a Dedza, mndandanda wa mayi aang'ono uja tinaulemba m'kope, dzina lililonse ndi chiwongo chake ndi kumene munthuyo anamvekera komaliza.

Denga la kuka tinangofolera theka. Udzu wabwino wofolera umamwetedwa mu Juni ndi Julayi, koma madambo ambiri anasanduka madimba, ndipo wotsalawo unapsa ndi moto wa osaka mbewa tisanaufikire. Tapeza mitolo ina kwa anthu a tsidya la malire, ikubwera pa ngolo sabata ino. Madala aja akuti mvula ikayamba tisanamange chisonga cha pamwamba, phaso lonse liyenera kutsitsidwa n'kuyambanso chaka chamawa.