Mphete ya mkuwa pakhosi pa mpeni

Mpeni wabwino umafera pa chigwiriro. Chitsulo chikhoza kukhala cha sipuling'i ya galimoto, chosulidwa mwaluso, koma mtengo ukang'ambika pamene mchira wa mpeni umalowera, thukuta lonse lapita pachabe. N'chifukwa chake timipeni timene ndimasula kuno kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi ndimativeka mphete pakhosi, ndipo palibe mphete yoposa khoko la chipolopolo chowombedwa kale.

Makoko amene ndimawakonda ndi a mfuti zakale za .303, zija ankanyamula asilikali a King's African Rifles (KAR). Ndi mkuwa wachikasu, magawo 70 kopa ndi 30 zinki, ndipo suchita dzimbiri ngakhale mpeni ugone kudimba. Makoko ambiri a AK-47, mfuti zimene zinafala pa nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, ndi chitsulo chongopakidwa pamwamba. Maginito ndiye amaweruza: khoko likamamatira, silanga.

Ndisanagwire nyundo ndimayamba ndayang'ana kunsi kwa khoko. Kumeneko kuli kadiso kamene kamayatsa onga mfuti ikakagogoda. Kadiso kowombedwa kamakhala kophwanyika pakati, khoko lili yasa kukamwa, m'kati muli mwaye. Kakakhala kosalala, manja kumbuyo. Ngakhale kali kophwanyika, ngati mutu wa chipolopolo udakalipo, chimenecho chinangokana kulira, sichinafe. Zotere ndimauza wobweretsayo kuti akasiye kupolisi, ndipo mwana aliyense wophunzira kwa ine amayamba wamva zimenezi asanakhudze mvukuto.

Kuchotsa kadisoko ndiye pogona luso. Ndimasuzumira m'khoko padzuwa. Ndikaona bowo limodzi pakati penipeni, ndadziwa kuti ndi mtundu wa Boxer, dzina la msilikali wa ku Britain amene anaukonza cha m'ma 1866. Apa mpofewa: ndimakhazika khoko pa nati yaikulu, kulowetsa msomali umene ndausongola ndi tupa, kugogoda pang'ono, kadiso n'kugwera m'bowo la nati. Koma makoko ambiri akale a asilikali ndi a mtundu wa Berdan, dzina la munthu wa ku America. Amenewa ali ndi timabowo tiwiri cham'mbali, ndipo pakati pali kanundu ka mkuwa. Wosadziwa amamenya mpaka msomali kupindika, khoko n'kutupa. Awa ndimawalowera kunja, kuboola kadiso chopendeketsa ndi kachitsulo kosongoka n'kukatukula pang'onopang'ono.

Kumaiko ena anthu ali ndi makina ochotsera timadisoti kuti adzazenso makokowo. Kwathu kuno imeneyo ndi nkhani ya malamulo a mfuti, ndipo ine zanga zimathera pa bowo. Ndimadula khoko ndi sowo, kuliotcha pa makala mpaka lifiire pang'ono kuti lifewe, kenako bowo lija ndimalikuza ndi katupa mpaka mchira wa mpeni uzilowa mothina. Chigwiriro ndimasema cha muwanga, n'kuchikhomera m'khokomo. Poti khoko la .303 ndi lopapatiza, limayenera timipeni tosendera mbatata, zoboolera za osoka nsapato ndi nsonga za ndodo za agogo, osati zikwanje.

Masiku ano makokowa akusowa, moti timipeni tambiri timene ndimapita nato ku Mponela ndi ku Malomo tavala zidutswa za paipi ya kopa. Imagwira ndithu, koma ndi yofewa, ndipo pakapita zaka zingapo imayamba kugwedera.