Mau a Mwana Naonso Akoma Akagonera

Ine ndine mlimi wa kuno kwa Dambe, m'boma la Mchinji. Ndimalima fodya, mtedza ndi chimanga. Sukulu ndidalekeza Folomu 2. Ndalemba nkhani ino kuti makolo anzanga amve za tsiku limene ndidakalipira mwana wanga pa mlandu umene iye ankaumvetsa kuposa ine.

Mwana wanga wachisamba, wamkazi, atasankhidwa kupita ku Chancellor College ku Zomba, m'mudzi mwathu mudamveka nthungululu. Ndidagulitsa ng'ombe imodzi kuti apeze zofunika. Pomperekeza pa Kapiri kuti akakwere galimoto, ndidamlangiza zinthu zitatu: "Ukaphunzire, ukakhale chete, ukabwere ndi pepala." Ndinkakhulupirira kuti nzeru zonse zathera m'mau ameneŵa.

M'chaka cha 2011 dziko lathu lidali pa mavuto. Mafuta a galimoto ankasoŵa, ndalama zakunja zinkasoŵa, ndipo fodya ankagulidwa pa mitengo yomvetsa chisoni ku okushoni. Mphunzitsi wina wa maphunziro a ndale pa kolejipo, Dr. Blessings Chinsinga, adapereka chitsanzo m'kalasi kuti mavuto onga ameneŵa ndiwo adautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Pa 12 Febuluwale, a Peter Mukhito, amene adali mkulu wa apolisi m'dziko muno, adamuitana kukamfunsa za phunzirolo. Aphunzitsi anzake adadabwa kuti mau olankhulidwa m'kalasi afika bwanji ku polisi. Pa 16 Febuluwale adaleka kuphunzitsa, nati sabwereranso m'kalasi kufikira atatsimikiziridwa kuti angathe kuphunzitsa mopanda mantha.

Patapita milungu ingapo, Khonsolo ya Yunivesite idachotsa ntchito aphunzitsi anai: Dr. Chinsinga, Dr. Jessie Kabwila-Kapasula amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsiwo, Dr. Garton Kamchedzera wa maphunziro a malamulo, ndi a Franz Amin. Ophunzira ambiri adaima pamodzi ndi aphunzitsi ao, ndipo pa zionetsero zao apolisi ankaŵabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Mu Epulo koleji idatsekedwa, pamodzi ndi Polytechnic ya ku Blantyre.

Mwana wanga adafika kunyumba masana ena atasenza chikwama pamutu, natipeza tili m'chigafa kusankha fodya. Atatipatsa moni ndidamfunsa ngati iyenso adali nao m'gulu la ochita zionetsero. Sadandibisire. Adati, "Inde Ababa, ndidali nao."

Mtima wanga udatentha. Ndidati, "Kodi ng'ombe yanga ndidagulitsira kuti uzikafuula mu mseu? Aphunzitsi anaiwo ndi abale ako? Iwo mapepala ao ali nao kale, akapeza ntchito kwina. Iwe uli ndi chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Gwira chako, za eni uzisiye!"

Iye adakhala pansi, nayamba kundithandiza kusankha masamba. Patapita kanthaŵi adayankha motsitsa mau.

"Ababa, chimene mudagulitsira ng'ombe ndi makoma a koleji kodi, kapena nzeru za aphunzitsi? Mphunzitsi wa ku yunivesite sali ngati waganyu, woti mukamchotsa m'maŵa, madzulo mwapeza wina. Kuti afike pamenepo waphunzira zaka zambiri, ndipo maphunziro ena odziŵa kuŵaphunzitsa ndi oŵerengeka m'dziko lonse lino. Iye akachoka, phunziro lake lichokera naye limodzi. Tsono otsalawo, ataona zimene zagwera anzao, adzaphunzitsa akuyang'ana ku zenera. Pepala ndidzabwera nalo ndithu, koma m'mutu mudzakhala muli chiyani?"

Ndidamuuza kuti sukulu yamphunzitsa mwano, ndipo ndidatuluka m'chigafamo. Masiku aŵiri sindidalankhule naye.

Usiku wachitatu amai ake adandifunsa funso limodzi lokha. Adati, "Abambo, kodi aphunzitsi anu a masamu aja mudaŵaiŵala?" Adatembenuka nagona. Ine tulo tidandithaŵa.

M'chaka cha 1989 ndidali Folomu 2. Chaka chimenecho lidatuluka lamulo lakuti aphunzitsi ochokera ku chigawo cha Kumpoto abwerere kukaphunzitsa kwao. Sukulu zambiri za Pakati ndi Kumwera zidataya aphunzitsi ao m'kanthaŵi kochepa. Pa sukulu yathu adachoka bambo amene ankatiphunzitsa masamu, munthu woleza mtima, amene ankatsala nafe madzulo kufikira aliyense atamvetsa. Ndikumbukira lole itaima pakhomo pao, mipando ndi mphasa zikukwezedwa, ana ao akulira. Ife ophunzira tidaima patali, manja kumbuyo. Palibe adatsegula pakamwa, pakuti masiku amenewo ngakhale mnzako wogona naye chipinda chimodzi sunkamkhulupirira. Miyezi idatha m'kalasi mwathu osaloŵa mphunzitsi wa masamu. Mayeso a JC ndidalephera, ndipo ndidabwerera ku khasu.

Zaka 22 ndidakhala ndikudziuza kuti ndidalephera chifukwa cha kuuma mutu. Usiku umenewo ndidaona kuti chimene chidandichitikira ine ndicho mwana wanga ankakana kuti chimchitikire. Ine ndidakhala chete monga ndidamlangizira iye, koma chetechete ameneyo sadandipulumutse. Langizo langa la pa Kapiri lija lidali mantha a ubwana wanga, amene ndidaŵasunga bwino nkuŵapatsira mwana ngati choloŵa.

M'maŵa mwake ndidampeza akuthothola mtedza. Kupepesa kwa mwana wobala wekha nkovuta, abale anga. Ndidangokhala pambali pake, nkumfotokozera za lole ija. Adamvetsera osandidula. Nditatha adati, "Bwanji simudandiuzepo, Ababa?" Ndidasoŵa choyankha.

Musaganize kuti mantha anga adatheratu pomwepo, kapena kuti adali opanda maziko. Pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julayi chaka chomwecho m'mizinda ya dziko lino, anthu 20 adataya miyoyo yao. Ndidathokoza kuti mwana wanga adali pakhomo. Kudikira nakonso kudali koŵaŵa. Anzake a m'mudzi ankamseka kuti yunivesite yamthera m'manja, ndipo ena adayamba kutiuza kuti timpezere banja. Walira mvula walira matope. Iye matopewo adaŵaponda osadandaula.

Nkhani idayenda m'makhoti miyezi yambiri. Mu Okutobala, Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene adalinso mkulu wa yunivesiteyo, adalengeza kuti aphunzitsi anai aja abwerere pa ntchito ndi kuti ufulu wa kuphunzitsa udzalemekezedwa. Maphunziro adayambanso mu Novembala, patatha pafupifupi miyezi 9. Mwana wanga adatsiriza mochedwa, koma adatsiriza pansi pa aphunzitsi amene sankanong'ona pophunzitsa.

Zambiri zasintha chiyambire nthaŵi imeneyo. Kuyambira m'chaka cha 2021 Chancellor College ndiyo ikudziŵika ndi dzina lakuti University of Malawi, ndipo Polytechnic idakhala yunivesite payokha. Koma nkhani ya aphunzitsi siitha. Nthaŵi zina mphunzitsi amachotsedwa chifukwa cha mau ake, nthaŵi zina chifukwa chakuti ndalama zachepa, ndipo phunziro lina limatsekedwa poti akuti lilibe phindu. Njira nzosiyana, koma wotsala m'kalasi yopanda mphunzitsi ndi mmodzi yemweyo, mwana wanu ndi wanga.

Kwa inu achinyamata ndinena izi. Mukaona mphunzitsi wanu akuchotsedwa popanda chifukwa chomveka, kapena phunziro lanu likutsekedwa, muli nao ufulu wofunsa. Koma yambani mwafufuza bwino nkhaniyo, kuti pofunsidwa muthe kuyankha monga adandiyankhira mwana wanga. Lembani makalata, tumani atsogoleri anu, yendani mwamtendere. Musaswe mazenera kapena kutentha nyumba, pakuti wophwanya sukulu alibe pakamwa ponenera kuti akuiteteza, ndipo wolipira zoonongekazo ndi kholo lomwe lija lidagulitsa ng'ombe.

Kwa inu makolo anzanga, mwana akabwera ndi chikwama pakati pa teremu, musafulumire kukalipa monga ndidachitira ine. Mpatseni madzi akumwa, adye, kenaka mumfunse kuti, "Chachitika nchiyani, ndipo iwe ukuganiza bwanji?" Mwina walakwadi, ndipo mudzamuongola. Koma mwinanso waona chimene inu simudachione. Tidamtuma kukaphunzira kuganiza, tsono tisadabwe akabwera akuganiza.

Akuluakulu adati mau a akulu akoma akagonera, ndipo sadaname. Ine ndidaphunzira m'chigafa kuti mau a mwana naonso amagonera. Mdzukulu wanga akadzasankhidwa, ndidzamperekeza pa Kapiri pomwepo. Ndidzamuuza kuti akaphunzire ndi kuti akabwere ndi pepala. Langizo lapakati lija ndidzalisiya kunyumba.